Zimbudzi za anthu onse ku Hobhouse ndi mumzinda wa Mutare: zimene muyenera kudziwa pa umoyo wanu

Ngati mumakhala ku Hobhouse koma chakudya chanu mumachipeza ku Sakubva Musika, m'tauni kapena pamalo okwerera makombi, ndiye kuti maola ambiri a tsiku mumathera kutali ndi chimbudzi cha pakhomo panu. Munthu wamkulu wathanzi amataya madzi kasanu ndi kamodzi kufikira kasanu ndi katatu pa usana ndi usiku, ndipo thupi silifunsa ngati muli kunyumba kapena pamzere wodikira kombi. Malo amene mumapita nthawi imeneyo, kaya ndi chimbudzi cha khonsolo, cholipira, cha kuseri kwa sitolo kapena kathengo ka m'mbali mwa ngalande, amakhudza thanzi lanu, la ana anu ndi la anthu amene amagula tomato kapena mandasi m'manja mwanu. Tsamba lino likufotokoza chifukwa chake zimbudzi za anthu onse zimachepa ndi kuwonongeka, matenda amene amatsatira, mmene mungadzitetezere, ndi kumene mungakadandaule.

Mzinda unakula, zimbudzi zinatsalira

Mutare, amene kale ankatchedwa Umtali kufikira mu 1982, ndi likulu la chigawo cha Manicaland ndipo ali pafupi ndi malire a dziko la Mozambique. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 220,000 mumzindawu. Chiwerengero chimenechi ndi cha ogona mumzinda okha. Masana amawonjezekera alimi obwera ndi ndiwo zamasamba ndi zipatso, apaulendo odutsa pachipata cha Forbes, ndi madalaivala a magalimoto akuluakulu a pamsewu wa ku Beira. Onsewa amafuna podzithandizira.

Madera a nyumba zothithikana sanamangidwe nthawi imodzi, choncho mavuto awo ndi osiyana. Sakubva ndiye wakale kwambiri. Anayamba m'zaka za m'ma 1920, nthawi ya atsamunda, ndipo zigawo zake zina zinamangidwira amuna apantchito okhala okha, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, makolo a ena mwa inu amene mukuwerenga. Amunawo ankagwiritsa ntchito zimbudzi ndi mabafa a gulu. Lero m'zipinda zomwezo mumakhala mabanja athunthu, koma zimbudzi ndi zomwe zija. Boma linakhazikitsa ntchito yomanganso Sakubva mu 2019 chifukwa cha mavuto oterewa.

Hobhouse, woyandikana ndi Chikanga, ndi dera latsopano poyerekeza ndi Sakubva, ndipo vuto lake ndi lamtundu wina. Nyumba inalinganizidwa kuti ikhale ndi chimbudzi chakechake, poganiza kuti pakhomo padzakhala banja limodzi. Koma pakhomo pamene pali mwininyumba ndi mabanja atatu a lendi, chimbudzi chimodzicho chasanduka kale cha gulu, ngakhale palibe amene amachitchula choncho. Kunja kwa mipanda nako kunabadwa timisika ta m'mbali mwa msewu, malo ometera, owotcherera zitsulo, ookera nyama, omwera mowa ndi okwerera makombi. Malo oterewa amayamba ndi munthu mmodzi ndi tebulo lake, ndipo pofika pamene pali anthu zana, palibe amene anasiya malo a chimbudzi. Ntchito ya Murambatsvina ya mu 2005, imene lipoti la bungwe la United Nations linati inasiya anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonse opanda nyumba kapena pogwirira ntchito, inagwetsa zisakasa ndi mabenchi, koma anthuwo anapita kukathithikana m'nyumba za abale, ndipo malonda a mumsewu anabwereranso chifukwa ntchito zolembedwa n'zochepa.

Chimbudzi chamadzi chopanda madzi

Zimbudzi zambiri za m'tauni ndi zogejemula, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Madzi a Mutare amachokera kumapiri a kumpoto, kumtsinje wa Pungwe ndi kumadamu a pamtsinje wa Odzani, ndipo ndi madzi abwino. Koma kuti afike pampope wanu amadalira mapaipi ndi matanki amene anayalidwa mzinda uli waung'ono. Madzi akachepa mphamvu, nyumba za kumtunda ndi za kumapeto kwa paipi ndizo zimayamba kuuma. Anthu a ku Dangamvura akhala zaka zambiri akuidziwa bwino nkhani imeneyi, ndipo a ku Hobhouse nawonso si alendo pa kudzuka usiku kukatchera zigubu.

Taganizirani masamu ake. Thanki ya chimbudzi chachikale imataya malita 9 pa kugejemula kumodzi. Ngati pamsika anthu 300 alowa kamodzi kokha patsiku, pafunika malita 2,700, osawerengera osamba m'manja ndi okolopera. Amenewa ndi madiramu akuluakulu oposa khumi ndi atatu. Mpope ukauma m'mawa, pofika masana mbale ya chimbudzi yadzaza, olowa pambuyo amayamba kukhala pansi pambali pake, kenako pakhomo, kenako kuseri kwa khoma. Wosamalira akatopa amangokhoma loko. N'chifukwa chake chimbudzi chokhomedwa sichitanthauza kuti anthu asiya kudzithandiza pamalopo. Angosamukira pamene simukuwaona.

Chachiwiri ndi kutsekeka kwa mapaipi a suweji. Mapaipi amenewa anapangidwira madzi, zotuluka m'thupi ndi pepala lofewa la m'chimbudzi basi. Nyuzipepala, makatoni, zitsononkho, nsanza, mapadi a amayi, matewera otaya ndi mapulasitiki sizisungunuka. Mchenga umene ambiri amakwechera mapoto umakhazikika pansi pa paipi n'kuuma ngati simenti, makamaka pamene madzi okankha ndi ochepa. Paipi ikatsekeka, zonyansa zimatulukira pachivundikiro chapafupi n'kuyenderera mumsewu. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa: zimene zaphulika kumtunda zimatsikira m'ngalande, m'timitsinje ndi mumtsinje wa Sakubva, ndipo m'mphepete mwa madzi amenewa ndi mmene muli madimba a ndiwo zamasamba ndi zitsime zosaya zimene anthu amathamangirako mipope ikauma. Zonyansazo zimayenera kukathera kumalo oyeretsera monga a ku Gimboki, koma zimene zatayikira panjira sizifikako.

Pali chachitatu chimene sitikonda kuchinena: kuba ndi kuwononga. Mipope yachitsulo, zitseko, mababu ndi zivundikiro za suweji zimazulidwa n'kukagulitsidwa. Khonsolo ili ndi mlandu wake pamene yalephera kukonza, koma mpope wa pachimbudzi cha pamsika suzulidwa ndi munthu wochokera kutali.

Njira imene matenda amadzera

Pafupifupi matenda onse a m'chimbudzi amayenda ulendo umodzi: kuchoka m'manyi a munthu wina kukalowa m'kamwa mwa mnzake. Galamu imodzi yokha ya manyi, kachidutswa kakang'ono chabe, ikhoza kukhala ndi mavairasi 10 miliyoni, mabakiteriya 1 miliyoni ndi mazira a njoka za m'mimba okwana 100. Tizilomboti timafika pakamwa kudzera m'zala, m'madzi akumwa, m'chakudya, pa ntchentche ndi m'dothi limene ana amaseweramo. Munthu angathe kufalitsa tizilombo iye osamva kudwala konse, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri ndi kolera ndi tayifodi.

Kolera ndiye woopsa kwambiri chifukwa cha liwiro lake. Zizindikiro zimayamba pakati pa maola 12 ndi masiku 5 munthu atameza tizilombo, ndipo wodwala kwambiri angathe kufa m'maola ochepa ngati madzi otayika sakubwezeredwa. Dziko la Zimbabwe linaona zimenezi mu 2008 ndi 2009, pamene anthu oposa 98,000 anadwala ndipo oposa 4,000 anamwalira. Mu September 2018 mliri unabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro mumzinda wa Harare, madera a nyumba zothithikana ofanana ndi anu, kumene suweji yophulika inalowa m'madzi akumwa. Wina unayambira ku Chegutu mu February 2023 n'kupitirira mpaka mu 2024. Anthu oposa 34,000 anaganiziridwa kuti adwala, oposa 700 anamwalira, ndipo Manicaland anali m'gulu la zigawo zokhudzidwa kwambiri. Kwa amene muli ndi abale ku Malawi, mukukumbukira kuti nthawi yomweyo kumeneko kunali mliri waukulu kuposa yonse ya m'mbuyo, umene unayamba mu March 2022 ndipo unapha anthu oposa 1,700.

Tayifodi amabwera mwakachetechete. Patapita sabata imodzi kufikira atatu, munthu amatentha thupi kwa masiku ambiri, mutu umapweteka, m'mimba mumawawa, ndipo ambiri amayamba kumwa mankhwala a malungo n'kutaya nthawi. Akachedwa kuchizidwa amatha kuboola matumbo. Kamwazi amadziwika ndi magazi kapena mamina m'chimbudzi. Matenda a chiwindi a hepatitis A amabweretsa chikasu m'maso. Njoka za m'mimba sizipha msanga, koma zimadya magazi ndi chakudya cha mwana mpaka kukula kwake ndi maphunziro ake zibwerera m'mbuyo. Likodzo limafala pamene wodwala akodzera kapena kudzithandizira m'madzi osathamanga mmene muli nkhono, ndipo ana osambira m'menemo ndiwo amalitenga.

Koma dziwaninso zimene chimbudzi sichipatsira. Simungatenge HIV, chinzonono kapena chindoko pokhala pampando wa chimbudzi, chifukwa tizilombo ta matenda amenewa sitikhalitsa kunja kwa thupi ndipo sitilowa pakhungu labwinobwino. Mantha a anthu ambiri ali pampando, pamene ngozi yeniyeni ili pachogwirira cha chitseko, pachogejemulira, pamgomo wotungira madzi m'diramu, ndiponso m'manja mwanu mukatuluka osasamba.

Kudzigwira tsiku lonse

Pali vuto lina limene silioneka m'ziwerengero za miliri. Amayi ambiri ogulitsa malonda amaphunzira kusamwa madzi kuyambira m'mawa kuti asafune kutaya madzi. Ena amadya pang'ono pa chifukwa chomwecho. Njira imeneyi imaoneka yanzeru, koma thupi limalipira. Mkodzo ukakhalitsa m'chikhodzodzo, tizilombo timapeza mpata wochulukana, ndipo madzi akachepa m'thupi palibe chotitsuka. Zotsatira zake ndi kumva kuwotcha pokodza, kufuna kukodza pafupipafupi koma kutuluka pang'ono, kupweteka pansi pa mchombo ndi mkodzo wonunkha kapena wamagazi. Matendawa akakwera kufika ku impso, munthu amatentha thupi, amanjenjemera ndipo msana umapweteka cha m'mbali. Kwa mayi woyembekezera zimenezi n'zoopsa kawiri, chifukwa zingachititse kuti mwana abadwe masiku asanakwane. M'nyengo yotentha ya October ndi November, kusamwa madzi kumabweretsanso chizungulire, mutu, kudzimbidwa ndi timiyala ta mu impso.

Ena sangathe n'komwe kudzigwira: odwala matenda a shuga, omwa mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amene amachulukitsa mkodzo, abambo achikulire amene chiwalo cha prostate chakula, amayi amene angobereka kumene, ndi ana aang'ono. Kwa anthu amenewa kusowa kwa chimbudzi kumatanthauza kusapita kumsika, kutchalitchi kapena kuchipatala kumene. Ngati muli m'gulu limeneli, musasiye mankhwala anu pofuna kuyenda ulendo. Kambiranani ndi anamwino za nthawi yabwino yomwera.

Muzimwa madzi monga mwa ludzu lanu. Mkodzo woyera kapena wachikasu chopepuka umasonyeza kuti madzi akukwana. Wakuda ngati tiyi umasonyeza kuti thupi lauma. Ndi bwino kudziwiratu chimbudzi chimene mudzagwiritse ntchito musanayale malonda, kusiyana ndi kudzimana madzi.

Mmene mungadziwire chimbudzi choyenera

Musayambe ndi utoto wa pakhoma. Funso loyamba ndi lakuti, kodi pali madzi ndi sopo zosambira m'manja potuluka? Chimbudzi chakale chokhala ndi ndowa ya mpope ndi sopo pakhomo chimateteza kuposa chatsopano chimene mipope yake ndi youma. Kenako yang'anani pansi: ngati pali zonyansa kapena madzi odikha, nsapato zanu zidzanyamula zimenezo kupita nazo pabenchi ya malonda ndi m'nyumba mmene mwana akukwawa. Ntchentche zambiri zimasonyeza kuti penapake pali zosakwiririka. Chitseko chiyenera kukhomeka m'kati, mbali ya amayi ikhale yosiyana ndi ya abambo, pakhale kuwala, ndipo ku mbali ya amayi kukhale bini yovundikira.

Pa chiwerengero, muyezo wa Sphere, umene mabungwe othandiza pa ngozi amatsatira, ungakupatseni poyambira. Umati anthu ogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi asapitirire 20. Pamsika pakhale chimbudzi chimodzi pa mabenchi 50 alionse poyamba, ndipo chimodzi pa mabenchi 20 zinthu zikakhazikika. Pasukulu chimodzi pa atsikana 30 ndi chimodzi pa anyamata 60. Umenewu ndi muyezo wa m'misasa ya anthu othawa nkhondo kapena madzi osefukira. Werengani mabenchi a pamsika wanu, muwerengenso zitseko zimene zikutseguka, muone ngati mukufikapo pa muyezo wa pamsasa.

Za zimbudzi zolipira anthu amasiyana maganizo. Zoona zake n'zakuti ndalama ya pakhomo ndiyo imagula sopo, mankhwala okolopera ndi malipiro a wosamalira, ndipo chimbudzi chokhala ndi munthu pakhomo sichibedwa mipope. Koma mtengo umene wapaulendo amalipira kamodzi, wogulitsa masamba amaulipira kanayi patsiku, masiku asanu ndi limodzi pasabata, kuchokera pa phindu lochepa kale. Vuto la chenje, pakati pa madola a ku America ndi ndalama ya ZiG imene inayamba mu April 2024, limawonjezera mtolo. Mtengo ukakwera, osauka amabwerera kungalande, ndipo matenda ochokera kumeneko sasankha amene analipira. Njira yabwino ndi yakuti komiti ya msika igwirizane ndi woyendetsa chimbudzi pa mtengo wa pasabata kapena pamwezi kwa ogulitsa okhazikika, ndipo ana, okalamba ndi anthu aulumali azilowa ulere. Mukalipira muli ndi ufulu wofunsa sopo.

Zimene mungachite inuyo polowa ndi potuluka

Yendani ndi kachidutswa ka sopo m'kapepala, pepala la m'chimbudzi ndi botolo la madzi. Valani nsapato nthawi zonse, ndipo mwana asalowe wopanda nsapato, pakuti njoka zina za m'mimba zimalowera pakhungu la kuphazi. Chikwama ndi foni zisagunde pansi. Musaponde pampando wa chimbudzi chokhalira: mbale yadothi imasweka ndipo imacheka koopsa. Ngati mpando ndi wonyowa, upukuteni kapena yalanipo pepala. Amayi ndi atsikana adzipukute kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Ngati pali chivundikiro, vundikirani musanagejemule. Pamene mukuthira madzi ndi ndowa, thirani mwamphamvu kamodzi, osati pang'onopang'ono.

Potuluka sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi osachepera 20, kuphatikizapo pakati pa zala, zala zazikulu ndi kunsi kwa zikhadabo, ndi madzi oyenderera kapena othiridwa kuchokera m'kapu. Beseni limodzi losambamo anthu onse limangogawa tizilombo. Sopo akasowa, phulusa loyera ndi madzi ndi bwino kusiyana ndi madzi okha. Mankhwala opaka m'manja aja tinazolowera nthawi ya Covid-19 amathandiza, koma sagwira bwino ntchito m'manja mooneka litsiro, choncho salowa m'malo mwa sopo. Gwedezani manja aume okha m'malo mopukutira kansalu kolendewera kamene aliyense wagwira. Ngati mumagulitsa zakudya, konzani mpondagiya kapena ndowa ya mpope pambali pa benchi yanu, musambe pamaso pa ogula. Palibe wogula amene anathawapo chifukwa choona sopo.

Manyi a mwana wakhanda si oyera monga ena amaganizira. Nthawi zambiri amakhala ndi tizilombo tochuluka kuposa a wamkulu. Khuthulirani za m'thewera m'chimbudzi, kulungani theweralo m'pulasitiki, mulitaye m'bini. Matewera otayidwa m'ngalande ndi pamilu ya zinyalala amang'ambidwa ndi agalu, ndipo mvula yoyamba imamwaza zonsezo.

Amayi, atsikana ndi anthu aulumali

Mwamuna akapanikizika amatembenukira kukhoma, chizolowezi chimene chimanunkhitsa kuseri kwa mabala ndi masitolo. Mkazi alibe mwayi umenewo. Amadikira mdima kapena kupita kutali kumene kulibe anthu, ndipo kumeneko ndi kumene kumachitikira zachipongwe ndi kugwiriridwa. Chimbudzi chimene khomo lake labisika kuseri, chopanda getsi, kapena choyang'anizana ndi pamene amuna amamwera mowa, amayi sachigwiritsa ntchito ngakhale chikhale chaukhondo. Dzuwa likalowa pitani awiriawiri, ndipo mwana wamkazi musamutume yekha. Wogwiriridwa afike kuchipatala asanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito m'nthawi imeneyo.

Pa nthawi ya msambo, padi kapena nsalu iyenera kusinthidwa pakatha maola anayi kufikira asanu ndi limodzi, kapena msanga ngati yanyowa. Popanda malo obisika, madzi ndi bini, mayi amakhala nayo tsiku lonse, khungu limanyuka, ndipo mtsikana wasukulu amangosankha kujomba. Kulungani padi yogwiritsidwa kale ntchito m'pepala, ndipo ngati palibe bini, itengereni kunyumba m'kathumba. Musaiponye m'chimbudzi chamadzi.

Kwa woyenda pa njinga ya olumala kapena ndi ndodo, sitepe imodzi pakhomo ndi chimodzimodzi loko. Amene amakwawa amagwira ndi manja pansi pamene ena aponda ndi nsapato. Pofunika njira yotsetsereka, khomo lalikulu lotsegukira kunja, zitsulo zogwirira ndi mpando wokwera. Zinthu zimenezi n'zotsika mtengo pomanga kusiyana ndi pogumula, choncho nthawi yozifunsa ndi pamene mapulani akukambidwa.

Maliro, mapemphero ndi masiku opanda madzi

Maliro a kwathu amasonkhanitsa anthu mazana pakhomo la chimbudzi chimodzi kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo pamaliro pomwepo pamaphikidwa chakudya ndi kugwirana chanza. N'chifukwa chake mu October 2023 boma linachepetsa chiwerengero cha opita kumaliro kufika pa anthu 50 m'madera amene kolera anavuta, monga ku Buhera. Ngati muli m'komiti ya maliro kapena ya mpingo, sankhani anthu awiri oyang'anira madzi a kuchimbudzi ndi osamba m'manja, pemphani anansi atsegule zimbudzi zawo, ndipo ophika asakhale omwewo okolopa. Ngati womwalirayo anali kutsekula m'mimba kwambiri, dziwitsani achipatala musanasambitse thupi. Mipingo yopempherera panja kapena kuphiri ili ndi udindo womwewo: pamene anthu akhala tsiku lonse payenera kukhala chimbudzi ndi madzi.

Dziko lino lili ndi luso lake pa nkhaniyi. Chimbudzi cha Blair chinapangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi Peter Morgan ku Blair Research Laboratory mumzinda umene lero ndi Harare, ndipo chinafalikira m'maiko ambiri. Ndi chokumba, koma chili ndi paipi yotulutsa mpweya yokhala ndi sefa pamwamba. Mphepo yodutsa pamwamba pa paipi imakoka fungo, ndipo popeza m'kati mwa chimbudzi ndi mwamdima, ntchentche za m'dzenje zimatsata kuwala kwa paipi n'kukakodwa pasefa. Sichifuna madzi. Komabe m'tauni simungangokumba: maploti ndi aang'ono, dzenje liyenera kutalikirana ndi chitsime mamita 30, ndipo malamulo a khonsolo ali ndi mawu pa zimenezi. Funsani a zaumoyo a khonsolo musanagwire khasu. Pamasiku opanda madzi, sungani madzi ochapira ndi osambira kuti muzithira m'chimbudzi, ndipo madzi akumwa ochokera pachitsime kapena pamjigo muwawiritse kapena kuthiramo mankhwala monga WaterGuard kapena Aquatabs motsatira malangizo a pabotolo kapena papaketi.

Lamulo likuti chiyani, nanga mungadandaule kuti?

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013, m'gawo 73, amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo osawononga thanzi lake, ndipo gawo 77 limanena za ufulu wa madzi abwino akumwa. Lamulo la Public Health Act la mu 2018 ndi la Urban Councils Act amaika pa khonsolo udindo wa ukhondo, suweji ndi kupewa miliri m'dera lake. Ogulitsa pamsika wa khonsolo amalipira ndalama za malo, ndipo eninyumba amalipira misonkho, choncho kufunsa chimbudzi chogwira ntchito si kupempha chifundo. Mabala, malo odyera ndi masitolo akuluakulu amayenderedwa ndi a zaumoyo asanapatsidwe chiphaso, ndipo chimbudzi ndi chimodzi mwa zimene zimayang'anidwa.

Suweji ikaphulika kapena chimbudzi chikakhomedwa, kanene ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu, kwa woyang'anira zaukhondo wa pakiliniki yapafupi, kapena ku Civic Centre m'tauni. Tchulani malo enieni ndi tsiku limene vuto linayamba, jambulani chithunzi, lembani dzina la amene walandira dandaulo, ndipo khansala wa wadi yanu adziwenso. Zonyansa zikamalowa mumtsinje, bungwe la Environmental Management Agency nalo lili ndi mphamvu yolowererapo. Dandaulo la anthu makumi awiri olemba maina awo limamveka kuposa la munthu mmodzi, ndipo mabungwe a anthu okhala mumzinda, monga United Mutare Residents and Ratepayers Trust, alipo pa ntchito yomweyo. Misonkhano yokambirana bajeti ya khonsolo, imene imachitika chaka chisanathe, ndi pamene zimbudzi zatsopano zimalowa kapena kugwa m'mapulani. Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse, tsiku losesa m'dziko lonse kuyambira mu December 2018, ndi 19 November, tsiku lokumbukira zimbudzi padziko lapansi, ndi masiku amene akuluakulu amapezeka pakati pa anthu ndipo mungawaonetse chitseko chokhomedwacho ndi maso awo.

Pamene muyenera kuthamangira kuchipatala

Munthu akayamba kutsekula m'mimba, yambani kumumwetsa nthawi yomweyo. Paketi ya ORS, imene ku Malawi imadziwika kuti Thanzi, isungunulidwe m'madzi abwino monga mwa malangizo ake. Ngati palibe, pangani madzi a shuga ndi mchere: masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira. Musawonjezere mchere. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo kukiliniki adzapatsidwa mapiritsi a zinc a masiku 10 kufikira 14.

Musadikire kuti kuche ngati chimbudzi chili chamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, ngati wodwala akusanza chilichonse, maso alowa m'kati, khungu likatsinidwa silibwerera msanga, miyendo ikukokana, mkodzo wasiya kutuluka, kapena mwana walefuka ndipo akukana kuyamwa. Chimodzimodzinso ngati m'chimbudzi muli magazi, thupi latentha masiku oposa atatu, maso achita chikasu, kapena mayi woyembekezera akumva kuwotcha pokodza. Pitani kukiliniki ya khonsolo yapafupi, ku Sakubva District Hospital kapena ku Victoria Chitepo Provincial Hospital, ndipo wodwala azimwabe panjira. Musagule maantibayotiki pamsika. Akatemera wa kolera kapena wa tayifodi akafika m'dera lanu, pitani ndi ana mukalandire, ndipo sungani khadi. Mukafika kuchipatala, auzeni anamwino kumene wodwala anadya, kumene anatunga madzi ndi chimbudzi chimene anagwiritsa ntchito m'masiku asanu apitawo, kuti a zaumoyo akayendere malowo ena asanadwale.